Singano ya a Mbewe, Mbale za Nangozo

Sewero la pawailesi. Likuchitikira m'mudzi wina m'mbali mwa msewu wochokera ku Ulongué kupita ku Calómuè, m'boma la Angónia. Olankhula ndi A MBEWE, mlimi wa kachewere. NANGOZO, mnansi wawo. Ndi MLEMBI, amene onse awiri amamumva koma samuona.

(Nkhuku zikulira. Chinthu cholemera chikutsitsidwa pakhonde.)

A MBEWE: Odi kuno! Odi, a Nangozo!

NANGOZO: Ngati ndi za malire a dimba, a nyakwawa anati Lachisanu. Lero ndi Lachiwiri. Bwererani.

A MBEWE: Za dimba ndazisiya kunyumba, mayi. Lero ndabwera ndi zabwino. Taonani chimene ndanyamulachi.

NANGOZO: Chikwama? Mukusamuka? Ambuye amva kulira kwanga.

A MBEWE: Chikwama cha chiyani? Dikirani nditsegule. (Loko akuti khwe.) Galamafoni! Yatsopano, ya magetsi, sipika zake zili momwemo. Mwana wanga Zuze wanditumizira kuchokera ku Joni.

NANGOZO: Yaimba kale?

A MBEWE: Imazungulira bwino zedi. Usiku wonse ndimangoiyang'ana.

NANGOZO: Ndafunsa kuti yaimba?

A MBEWE: Pamenepo ndiye pagona nkhani. Mnyamatayo watumiza galamafoni, mbale waiwala. Ndiye ndili chigonere ndinakumbukira kuti malemu bambo anu, munthu wabwino uja, anabwera ndi bokosi lodzaza kuchokera ku Bulawayo.

NANGOZO: Lero akhala munthu wabwino? Ali moyo munkati ndi mtchona wosadziwa kugwira khasu. Tamverani, bambo a Zuze. Nkhondo itatipeza mu 1986 tinasiya mbuzi m'khola, tinasiya mtondo pabwalo, koma bokosi limenelo ndinalisenza ine pamutu mpaka ku Dedza. Pobwerera ndinalisenzanso. Mbale zimene zipolopolo zinalephera, ndizipereke kwa kachikwama kanu kotchipaka? Mdzukulu wanga anandiwerengera pa foni kuti timeneti timadya mbale. Kuikapo kamodzi, nyimbo yapita.

MLEMBI: Awiriwa asanayambe kukumbutsana milandu ya chaka chatha, tiliike poyera funso lenileni, chifukwa si a Nangozo okha amene ali nalo. Mbale zabwereranso pamsika. Ku United States, mu 2022 anthu anagula mbale zambiri kuposa ma CD, koyamba chichokere 1987, ndipo mafakitale akutulutsa tigalamafoni ta m'chikwama tambirimbiri, tina mwa ito n'kumafika kuno m'katundu wa ana athu a ku Joni. Kodi timadya mbale? Mbale iliyonse ikamaimbidwa imatha pang'ono, pa galamafoni yodula ngakhale yotchipa, pakuti pali mwala umene ukukhula pulasitiki. Koma chimene chimagamula kuti mbale itha m'zaka makumi kapena m'mwezi umodzi ndi nsonga ya singano, osati mtengo wa bokosilo. Mbali imodzi ya mbale yaikulu ili ndi kanjira kamodzi kokha, kopota kuchokera m'mphepete kufika pakati, ndipo mutakatambasula kangafike pafupifupi theka la kilomita. M'makoma awiri a kanjirako muli timafunde tosaoneka ndi maso, ndipo nyimbo yonse ili m'timafunde timeneti. Singano yatsopano ili ndi nsonga yobulungira. Ikamadutsa imakanikiza pulasitiki, pulasitikiyo n'kugonja pang'ono, n'kubwerera m'malo mwake. Koma nsongayo nayo imaperepeseka. Pakapita maola ambiri imaphwatalala mbali ziwiri zimene zimakhudza makoma, m'mphepete mwa pophwatalalapo n'kukhala mwakuthwa, ndipo kuyambira pamenepo imasenga timafunde tija. Zimene yasenga sizibwereranso.

NANGOZO: Ndani ameneyo akulankhula pakhomo panga osaodira?

A MBEWE: Ndi a pawailesi aja. Ndipo mwamva zimene anena? Singano! Yangayi ndi yatsopano, sinalaweko ngakhale nyimbo imodzi. Pulonto, mlandu watha, tulutsani bokosi.

NANGOZO: Aziodira kaye. Inu a pawailesi, musandizunguze mutu ndi timafunde tanu. Mdzukulu wanga anati mkono wa kanthuka ndi wolemera, umapondereza mbale. Limeneli ndi bodza?

MLEMBI: Si bodza, mayi, ndipo sindikufuna kulichepetsa. Pa galamafoni yabwino singano imatsamira pa mbale ndi kulemera kwa magalamu 2 kapena kuchepera apo. Ta m'chikwamati nthawi zambiri timatsamira ndi magalamu 5, tina kupitirira. Kuti mumvetse kukula kwa nkhaniyi, pepala limodzi la A4 la muofesi limalemera magalamu 5. Chifukwa chake n'chakuti kamutu kamene kamagwira singano pa totchipati n'kouma khosi, sikatsatira timafunde mofewa, ndiye opanga amakalemeretsa kuti kasadumphe. Kulemera kotere kumathetsadi mbale msanga kuposa magalamu 2. Zoyamba kuzilala ndi mawu osongoka, monga kulira kwa zitsulo za ng'oma ndi nsonga za mawu a oimba, makamaka pa nyimbo zomaliza za chapakati, kumene kanjira kamadutsa pansi pa singano masentimita 20 okha pa sekondi, pamene m'mphepete kamadutsa 50, kotero timafunde ta pakatipo n'topanikizana. Koma anthu akamva zimenezi amathamangira kuganiza kuti mkono ukapepuka ndiye kuti mbale yapulumuka, ndipo pamenepo amalakwitsa. Aliyense wa ku Angónia amadziwa ngolo. Ngolo yosenza matumba a kachewere imayenda yokhazikika, matayala ake ali pansi. Yopanda kanthu imanjanja, imadumpha, n'kumamenya msewu pogwa. Koma imene imakumbadi msewu ndi ija yothera tayala, yoyendera chitsulo, kaya yasenza kaya sinasenze. Singano yopepuka mopyola imene opanga ananena imanjanja chimodzimodzi m'kanjira, n'kumagumula makoma pa nyimbo zaphokoso. Ya magalamu 5 yobulungira bwino ndi yabwinoko kuposa ya magalamu 2 yophwatalala. Ndipo umboni wake uli m'bokosi lanu lomwelo. Bambo anu ankaziimbira pa chiyani mbale zimenezi?

NANGOZO: Pa gumbagumba, Supersonic yeniyeni. Ikalira kuno, a ku Dómuè ankamanga nsalu m'chiuno.

A MBEWE: A ku Dómuè sindikudziwa, koma ife oyandikana nanu sitinkagona.

NANGOZO: Simunkagona chifukwa munali pabwalo pathu kuvina simanjemanje, mpaka munaponda mphika wa thobwa. Mphika umenewo simunalipire.

MLEMBI: Mphikawo tiusiye. Mawailesi ndi magumbagumba a Supersonic ankapangidwa ku Bulawayo, ndipo monga zoimbira zambiri za m'nyumba za m'ma 1960 ndi m'ma 1970, kuno ndi ku Ulaya komwe, mikono yake inali ya mtundu womwewu umene a Nangozo akuuopa lero: kamutu kouma khosi, kulemera kwa magalamu 5 kapena kuposa. Anthu wamba sankaimbira mbale pa zipangizo za akatswiri. Mbale za Mahlathini ndi Mahotella Queens zimene kampani ya Gallo inkatulutsa ku Johannesburg kuyambira 1964, ndi za kanindo zochokera ku Kenya, zinavinidwa pa maukwati ndi m'mabala pa zoimbira zoterezi, kubwereza nyimbo imodzi usiku wonse. Zikanakhala kuti magalamu 5 amapha mbale pa ulendo umodzi, bwenzi lero kulibe ndi imodzi yomwe ya nthawi imeneyo yomvereka. Koma zilipo zambiri, ndipo ogula zakale akuzisakasaka.

NANGOZO: Ehe! Pamenepo ndiye mwadzikola nokha. Mbale za bambo anga zimathetheka. Nyimbo isanayambe mumayamba mwamva thethethe. Ndiye kuti gumbagumbayo inazidya, ndipo kamdzukulu kake aka kadzamaliza zotsalazo.

MLEMBI: Ndifunseko, mayi. Bambo anu singano ankasintha kangati?

NANGOZO: Kusintha? Bambo anga sanali munthu wotaya zinthu. Singano imodzi kuchokera ku Bulawayo mpaka kumanda.

MLEMBI: Nanga mbale ikayamba kudumpha ankatani?

NANGOZO: Ankaika tiki pamwamba pa mkono. Ikadumphabe, sheleni.

A MBEWE: Tsiku la ukwati wa achemwali anu ndinaona ndi maso anga ataikapo bawuti ya njinga.

NANGOZO: Inu khalani chete, simunafunsidwe.

MLEMBI: Ndiye wopalamula wapezeka, ndipo si mtengo wa gumbagumba. Mbale ikayamba kudumpha, kawirikawiri ndiye kuti singano yatha, kapena yavala fumbi kunsonga, kapena tebulo likugwedezeka ndi mapazi a ovina. Kuikapo ndalama ndi kukanikiza nsonga yakuthwayo kuti isenge mozama. Komanso tisiyanitse mitundu iwiri ya phokoso. Mbale yodyedwa ndi singano imamveka yosasa mawu, makamaka woimba akakweza, ndipo imeneyo ilibe mankhwala. Koma kuthetheka kwambiri kumene anthu amamva ndi fumbi, mwaye ndi mafuta a m'zala zimene zakhala m'kanjira. Fumbi la kuno la mu September ndi mchenga wosalala, ndipo singano ikamaukankha umakhula mbale ndi singano yomwe. Mbale zambiri zimene eni ake amati zinatha zimangofuna kusamba.

A MBEWE: Mwaona, a Nangozo? Ine ndi a pawailesi tili mbali imodzi. Kachikwama kanga n'kosalakwa. Bweretsani tiyambe ndi kanindo.

MLEMBI: Musafulumire, a Mbewe, chifukwa mfundo yomweyo imene yakupulumutsani ndi imene ikukumangani. Ngati nkhani ili pa singano, funso ndi lakuti yanuyo ndi ya mwala wanji. Tigalamafoni ta m'chikwama tambiri timabwera ndi nsonga ya safiro, mwala wofewerapo, umene umatha pa maola pafupifupi 50. Ya dayamondi imapirira maola 500, yabwino kufika 1,000. Mbali imodzi ya mbale yaikulu imatenga mphindi 20 kapena kuposerako pang'ono, ndiye maola 50 ndi mbali 150 basi. Munthu woimba maola awiri usiku uliwonse singano yotereyi waimaliza mwezi usanathe. Choipa n'chakuti singano siuza mwini wake kuti yatha. Imaimbabe, ndipo khutu limazolowera kusasa kumene kukubwera pang'onopang'ono, mpaka tsiku limene mudzaike mbale yomweyo pa galamafoni ina n'kumva kuti kusasako kwasamukira m'mbale. Pamenepa ndi pamene mbiri yoipa ya totchipati inachokera. Amene amagula galamafoni yodula amadziwa kuti singano ndi chinthu chosintha. Wogula ya m'chikwama palibe amamuuza, ndipo ogulitsa ambiri sasunga n'komwe singano zapadera. Kuonjezera apo, sipika zili m'bokosi lomwelo limene muli mbale, ndiye mukakweza mawu bokosi lonse limanjenjemera, singano n'kuyamba kudumpha, mwini wake n'kuyamba kupapasa m'thumba kufuna ndalama yachitsulo.

A MBEWE: Ine ndalama sindingaikepo. Ndilibe.

NANGOZO: Apo ndiye mwanena zoona koyamba chaka chino. Koma taimani. Mwati usiku wonse mumaiyang'ana ikuzungulira. Singanoyo inali kuti?

A MBEWE: Inali pamalo pake. Kungoti pena ndi pena ndimaitsitsa pa kampira kozungulirako kuti ndimve ngati sipika zikugwira.

NANGOZO: Pa mpira!

A MBEWE: Kenaka pa katoni. Katoniyo imamveka bwino kuposa mpira.

NANGOZO: Mwamva, inu a pawailesi? Uyu ndiye mboni yanu ya singano yatsopano. Waimbira katoni usiku wonse.

MLEMBI: Ndamva, ndipo singano imeneyo isayandikire mbale ya munthu. Koma popeza bokosi lili pafupi, mayi, talitsegulani tione zimene tikukanganirazi.

(Bokosi lachitsulo likukokedwa pansi. Chivindikiro chikulira. A Mbewe akuyetsemula.)

NANGOZO: Manja kumbuyo, bambo a Zuze. Muziona ndi maso. Izi zing'onozing'ono ndi za simanjemanje ndi kanindo. Izi zazikulu zopepuka ndi za rumba. Koma izi zapansi, zolemera, zokulunga m'nsalu, ndi za Alick Nkhata. Bambo ankati zimenezi ukagwetsa imodzi usadikire kuti akufunse, ungoyamba kuthawa.

A MBEWE: Zalembedwa 78. Ha! Taonani pa galamafoni yanga: 33, 45, 78. Zonse ilinazo. Zuze sagula zinthu zoperewera.

NANGOZO: Ngati n'kuimba, ndiimbira pa galamafoni yopukusa ya agogo anga, ili pa denga ija. Imeneyo ndiye chitsulo chenicheni, chopangidwa ndi anthu oopa Mulungu, osati pulasitiki yanuyi. Singano zake zilipo kachitini kodzaza. Ndiikapo zonse, za rumba ndi za kanindo zomwe.

MLEMBI: Onse awiri mwaima m'mphepete mwa dzenje, aliyense lake. M'bokosimo muli mitundu iwiri ya mbale imene imangofanana kubulungira. Zolemera zija za 78 si za pulasitiki. Zinkapangidwa ndi shelaki, utomoni wochokera ku tizilombo ta m'mitengo ya ku India ndi maiko oyandikana nalo, wosakaniza ndi ufa wa miyala, ndipo kanjira kake n'kotakata. Galamafoni yopukusa imatsamira pa mbale ndi magalamu oposa 100, ndipo singano zake zachitsulo anazipanga kuti ziziperepeseka ndi izo m'malo mwa mbale. N'chifukwa chake zinkagulitsidwa m'tizitini: mbali imodzi, singano imodzi, kutaya. Mbale zapulasitiki zinabwera pambuyo, yaikulu ya 33 ndi kampani ya Columbia mu 1948, yaing'ono ya 45 ndi RCA Victor mu 1949, ndipo kanjira kake n'kopyapyala kwambiri, ka nsonga yochepa pafupifupi kanayi poyerekeza ndi ya 78. Mukaika mbale ya rumba pansi pa chitsulo cha agogo anu, mayi, chija mdzukulu wanu anawerenga pa foni chidzachitikadi: kamodzi kokha, nyimbo yapita. Chipangizo chimene mumachikhulupirira kwambiri m'nyumba muno ndi chimene chingaphe mbale zanu msanga kuposa china chilichonse. Inunso a Mbewe, nambala 78 ili pa bokosi lanulo ikungonena liwiro. Singano yake ndi yopyapyala ija ya mbale zapulasitiki. M'kanjira kotakata ka 78 imamira mpaka pansi, n'kumatola phokoso lokhalokha, ndipo ufa wa miyala uja umainola msangamsanga. Mukachoka apo n'kuiika pa kanindo, mwaika mpeni. Za 78 zimafuna singano yakeyake yonenepa nsonga, ndipo imagulitsidwa payokha.

NANGOZO: Ndiye mukuti agogo anga anali ndi chida choopsa m'nyumba?

A MBEWE: Banja lonse ndi loopsa, ine ndakhala ndikunena.

NANGOZO: Mukanene Lachisanu kwa a nyakwawa. Inu a pawailesi, mwati mbale zimasamba. Zimasamba bwanji?

A MBEWE: Zimenezo ndisiyireni ine. Ndili ndi kabotolo ka kachasu wa mutu weniweni. Amachotsa chilichonse, ngakhale utoto.

MLEMBI: Amachotsadi, ndipo pa mbale za 78 angachotse ndi Alick Nkhata yemwe, chifukwa shelaki amasungunuka mu mowa waukali. Kachasu akhale kumene amakhala. Chofunika ndi madzi oyera opanda mchere ndi dothi, ndipo abwino ndi aja ogula m'botolo othira m'batire ya galimoto.

A MBEWE: Batire ndili nayo ya sola. Ndikhuthulamo pang'ono.

MLEMBI: Ogula m'botolo, a Mbewe, asanalowe m'batire. A m'batiremo ndi asidi. M'madzimo mudonthezemo kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale za kukhitchini, mupukute ndi kansalu kofewa motsatira kanjira, mozungulira, osadula mizere, ndipo pepala la pakati lisanyowe. Mutsukuluze, muimike pamthunzi mpaka iume. Pogwira, gwirani m'mphepete ndi pakati.

NANGOZO: Zonsezi ndamva. Koma nditi ndikufunseni chimodzi, ndipo muyankhe ngati munthu wamkulu. Kachewere akaola ndimabzala wina. Mbale izi zikatha ndikagula kuti? Ku Vila Ulongué kulibe, ku Lizulu kulibe. Inuyo mwavomera kuti kuimba kulikonse kumadyako pang'ono. Ndiye si bwino zingokhala m'bokosi momwe zakhalira, osadyedwa ndi kanthu?

MLEMBI: Limeneli ndiye funso lolemera kuposa onse, ndipo mbali ina mukulondola. Mbale imene ilibe inzake si yoimbira tsiku ndi tsiku pa kachikwama, ngakhale singano ikhale yabwino. Koma si zoona kuti m'bokosi sizikudyedwa. Taonani mmene zagonera: zosanjikizana, zazikulu pamwamba pa zazing'ono, zosweka msanga zija pansi penipeni posenza zinzake zonse. Pulasitiki ikatenthedwa ili yotsamira chinthu imapindika, ndipo ngakhale kuno kumapiri kumazizira mu June ndi July, bokosi lachitsulo pansi pa malata mu October limatentha mokwanira. M'dzinja chinyezi chimalowa m'zikuto zamapepala, nkhungu n'kumera, n'kutsikira m'kanjira. Mbale zimafuna kuimikidwa chilili, mothithikana pang'ono, pamthunzi, kutali ndi utsi wa kukhitchini. Ndipo palinso china. Nyimbo imene ili pa mbale imodzi yokha moyo wake ndi wa mbaleyo, ikagwa, zatha. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'midzi ya Achewa ndi Angoni ku Nyasaland m'ma 1950 tikuzimvabe lero chifukwa International Library of African Music, imene iye anayambitsa mu 1954, inazikopera pa zipangizo zatsopano m'malo mongozitsekera. Inunso mungatero pakhonde pompano: mbale yosamba, singano yatsopano yoyenera mtundu wake, kuimba kamodzi mukujambula pa foni kapena pa kompyuta. Zikatero zidzukulu zizimvera pa foni mpaka zitope, mbaleyo n'kumatuluka pa masiku akuluakulu okha. Ulendo umodzi umenewo umadya zochepa kwambiri moti khutu silingazimve.

A MBEWE: Ndiye galamafoni yangayi nditaye? Munene poyera, ndikamuuze Zuze kuti anaponya ndalama m'madzi.

MLEMBI: Musataye. Koma akanandifunsa asanagule, ndikanamuuza kuti asayambe ndi kufunsa mtengo. Afunse kaye ngati singano yake ndi ya dayamondi ndiponso ngati ina yolowa m'malo imapezeka, chifukwa galamafoni yopanda singano yapadera ndi ya mwezi umodzi, ngakhale iwale bwanji. Kenaka aone ngati opanga analemba kulemera kwa mkono. Amene sanalembe ali ndi chifukwa chake. Zilipo zotsika mtengo zimene zimakhoza mayeso amenewa. Audio-Technica AT-LP60X, mwachitsanzo, ilibe poti mwini asinthire kulemera, imatsamira ndi magalamu 3.5, koma nsonga yake ndi ya dayamondi, imazuka ndi zala, ndipo sipika zake zimakhala padera. Njira ina ndi kugula yakale ya ku Japan ya m'ma 1970 kapena 1980, monga Technics kapena Pioneer, yokhala ndi kachitsulo kopotokola kumbuyo kwa mkono koyesera kulemera. Koma imeneyo muiwerengere pamodzi ndi mtengo wa singano yatsopano, pakuti imene ili pomwepo simudziwa yayenda maola angati, ndipo wogulitsa adzalumbira kuti inali ya agogo ake opemphera amene ankaimba pa Khirisimasi pokha. Poti kachikwama kafika kale, mankhwala ake ndi otchipa kuposa kachikwamako: singano za dayamondi zolowa pa timitu totereti zimagulitsidwa. Muikepo imeneyo, muike galamafoni pa tebulo losagwedera, mawu musakweze mpaka bokosi kunjenjemera, ndipo muziwerenga maola.

NANGOZO: Kuwerenga maola ndiwerenga ine. Mbali iliyonse ikatha ndiziponya njere ya chimanga m'chitini. Uyu akawerenga yekha, singanoyo idzakhala yatsopano mpaka Yesu adzabwere.

A MBEWE: Ndiye mwavomera?

NANGOZO: Ndavomera za kanindo ziwiri, zija bambo anagula kawiri ataledzera. Za Alick Nkhata muzingozipatsa moni. Ndipo mbali iliyonse ndi ndowa ya kachewere.

A MBEWE: Ndowa! Pa nyimbo ya mphindi zinayi? Nanga magetsi a sola yanga alipira ndani? Nanga dayamondi wanga akamatha pa mbale zanu?

NANGOZO: Dayamondi wake uti? Muli ndi singano yoimba katoni. Muimbireni Zuze pompano ndikumva.

A MBEWE: Foni yanga ilibe mayunitsi. Tandibwerekani yanu.

NANGOZO: Ndinadziwa. Kwerani pachulu apo, koma muyang'ane kuno, mukatembenukira ku Dedza igwira netiweki ya ku Malawi indidyere zonse.

(Mapazi akukwera. Foni ikuitana.)

A MBEWE: Halo! Zuze! Ndine bambo ako! Eya, yafika, ikuzungulira. Tamvera, unditumizire dayamondi. Ayi, sindinamwe. Wa pa singano! Ayi, amayi ako sakusoka, singano ya galamafoni!

NANGOZO: Muuzeni ziwiri! Ina yonenepa ya 78!

A MBEWE: Akuti ziwiri. Ndi a Nangozo. Eya, omwewo. Ayi, sitinagwirizane, tangoyamba bizinesi.

NANGOZO: Mphindi ziwiri zakwana. Imeneyo ndi ndowa ina.